Madzi Apansi pa Firiji ya Abambo

Sindinaonepo sinowo ndi maso anga. Ndinabadwira ku Lilongwe, ndipo ndinabwera kuno ku Perth ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kunonso sinowo sagwa. Ayezi yense amene ndinkamudziwa anali wa m'firiji. Koma tsiku limene aphunzitsi athu a jogalafe anayamba kutiphunzitsa za gilesha, kuchiyambi kwa chaka changa chomaliza cha sekondale chino, ndinalemba m'buku langa la tsiku ndi tsiku kuti: "Lero taphunzira za mtsinje wa ayezi. Ndamvetsa msanga kuposa anzanga onse, ndipo sindikusangalala kuti ndamvetsa."

M'galaja mwathu ku Armadale munali firiji yakale yoimirira, yaitali kuposa ine, yongoumitsa zinthu basi. Inali ya abambo. Iwo ankagwira ntchito ku Malaga, m'zipinda zozizira zosungiramo nyama ya m'masitolo, ndipo ankanyamuka ndi jekete lokhuthala ngakhale tsiku limene dzuwa likuswa mtengo. Loweruka ankapita kukawedza kunyanja. Nsomba iliyonse ankaitumbula, kuiika m'jumbo, n'kulembapo mwezi ndi cholembera chakuda. Akandipeza ndikusuzumira m'firijimo ankati, "Iwe, imeneyo si wailesi ya kanema. Ukatsegula, mpweya wakunja umalowa ndi chinyezi chake n'kukagona pa ayezi. Tseka."

Loweruka lina chaka chatha anabwera ndi nsomba yofiirira, yaitali ngati mkono wanga kuyambira paphewa. Amayi anali atatenga kale mpeni.

"Ayi, ayi, amake mwana, bwezani mpeniwo," abambo anatero. "Iyi si yanu. Iyi ndi ya tsiku limene mwana wangayu adzamalize sukulu."

"Nanga akalephera mayeso?" amayi anafunsa uku akuseka.

"Akalephera ndidzadya ndekha, iye akundiyang'ana."

Pajumbo lake analemba kuti "Ya mwana wanga. Osakhudza." Chifukwa cha kutalika kwake, nsombayo inangokwana m'kabati yapansi penipeni.

Patapita miyezi iwiri, m'nyengo yozizira, abambo anagwa kuntchito. Unali mtima. Mtembo unatumizidwa kumudzi ndipo amayi anaperekeza. Ine pasipoti yanga inali itatha nthawi, ndipo maliro sakanandidikira. Ndinatsala kwa anti, mnzawo wa amayi wochokera ku Zambia, amene amagwira nawo ntchito yosamalira okalamba ku Midland. Mwambo wonse ndinauonera pa foni. Netiweki inaduka bokosi lisanatsikire m'manda, ndipo pamene inabwerera anthu anali akuika nkhata.

Amayi atabwerako anandikhazika pansi. Anati abambo aakulu, achimwene awo a abambo anga, alamula kuti katundu wa malemu asakhudzidwe mpaka chiliza chidzamangidwe, abale n'kukhala pansi kugawa zovala. Choncho malaya anatsala m'wodiropu, nsapato pansi pa bedi, ndodo zowedzera pakhoma la galaja. Amayi anawonjezapo firiji.

"Nayonso ndi katundu wa malemu," anatero. "Usatsegule."

Ndinavomera. Miyezi yonse yotsatira ndinkadutsa pafupi nayo ndikamapita kukayanika zovala, ndikuimva ikung'ung'udza yokha.

Tsiku la phunziro lija aphunzitsi anajambula phiri pa bolodi. Anati pamwamba pa phiri sinowo amagwa chaka ndi chaka, wa chaka chino n'kugona pa wa chaka chatha, mpaka wapansi amapanikizika n'kusanduka ayezi wolimba. Ayeziyo akalemera amayamba kutsetsereka kulowera kuchigwa, pang'onopang'ono moti munthu sangaone kuti akuyenda. Kumunsi kumakhala kofunda, ndipo kumeneko amasungunuka, kapena kubenthuka n'kugwera m'nyanja. Ndiye kuti gilesha amalandira kumtunda, amataya kumunsi. Zolandira zikafanana ndi zotaya, amakhala mmene alili. Koma dziko likamatentha, malo osungunukira amakwera phiri, malo olandirira n'kumachepa.

Mtsikana wina anakweza dzanja n'kufunsa chifukwa chake anamva kuti kwina sinowo akugwa wambiri kuposa kale. Aphunzitsi anayankha kuti mpweya wofunda umanyamula chinyezi chambiri, choncho m'malo ena sinowo angachuluke pamwamba pamene gilesha yemweyo akutha.

"Musamangoyang'ana pamwamba," anatero. "Pitani kumunsi mukaone madzi amene akutuluka."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa masiku omwewo ndinali nditayamba kuona kachithaphwi pansi pa firiji ya abambo.

Unali mwezi wa February. Mphepo yotentha inkachokera kum'mawa kuyambira mbandakucha, ndipo kamphepo ka kunyanja kankatipeza mochedwa ku Armadale, mwina osatipeza n'komwe. Galaja yathu ndi ya malata. Masana munkatentha ngati mu uvuni. Firiji inali itasiya kupumula. Kale inkalira n'kukhala chete, koma tsopano inkangolira.

Aphunzitsi anatiuzanso kuti akatswiri amazika ndodo mu ayezi wa m'phiri, n'kumabwera kudzaona ngati ndodoyo yakwiririka kapena yatulukira. Anatipatsa ntchito yoti aliyense asonyeze m'njira yake mmene ayezi amalandirira ndi kutayira. Nditatsika sitima tsiku limenelo ndinapita molunjika m'galaja, yunifolomu ndisanavule. Amayi anali asanaweruke. Ndinatsegula firiji.

Kumtunda kwake kunali mbuu. Ayezi anali atameza mashelefu awiri apamwamba, n'kutulukira mpaka pa labala wa chitseko, moti chitsekocho sichinkatsekeka bwinobwino. Ndinatenga kamtengo kootchera nyama, ndinakazika mu ayeziyo, n'kuika chizindikiro ndi bolopeni. Pansi ndinayala thaulo lakale. Kabati yapansi sindinaitsegule. Ndinadziuza kuti ndikumvera amayi pang'ono, koma zoona zake n'zakuti ndinkaopa.

Ndinachita zimenezi masiku asanu ndi atatu. Ndikabwera kusukulu ndinkatsegula, kuyang'ana kamtengo, kutseka, kenako kufinyira thaulo m'kapu yoyezera ya kukhitchini. Zonse ndinkalemba. Chizindikiro chinakwiririka tsiku lachinayi. Madzi a m'thaulo anayamba ndi theka la kapu, kenako kapu yodzaza, kenako kupitirira. Tsiku lachisanu ndi chimodzi madziwo sanalinso oyera. Anali ofiirira pang'ono.

Tsiku lomwelo ndinaona chinthu china. Pa ayezi wa shelefu yachiwiri panali timaenje tinayi tondondozana, tosalala, totsala pamene munthu wasiya zala zofunda kwa kanthawi. Pansi pake pankaoneka jumbo lokhala ndi zilembo za abambo. Zala zanga sizinafikepo pamenepo. M'nyumba tinkakhalamo anthu awiri okha.

M'mawa mwake ndinadzuka msanga. Amayi amanyamuka kukangocha kuti apeze sitima. Ndinawaona pa zenera la kukhitchini akulowa m'galaja atavala kale yunifolomu ya kuntchito, chikwama chili paphewa. Anatsegula firiji n'kuima chilili, dzanja lili mkati. Anaima nthawi yaitali, nthunzi yozizira ikuwatsikira kumapazi. Kenako anatseka, anapukuta dzanja pa siketi, n'kumapita.

Madzulo ake, tikutsuka mbale, ndinalimba mtima.

"Amayi, firiji ija ikutha."

"Wadziwa bwanji?"

"Pansi pake pakutuluka madzi."

"Ndi thukuta chabe, kwatenthaku. Mkatimo ayezi wadzaza tho, kuposa mmene abambo ako anasiyira. Chinthu chimene chikuchulukitsa ayezi chingakhale chakufa?"

Ndinayamba kufotokoza za phiri, za kulandira kumtunda ndi kutaya kumunsi. Mawu ambiri ankanditulukira m'Chingerezi chifukwa ndi mmene ndinawaphunzirira, ndipo zimenezo zinawapsetsa mtima kwambiri.

"Usandiphunzitse jogalafe m'nyumba mwanga," anatero. "Alamu anga ananena pamaso pa anthu kuti katundu asakhudzidwe. Ukufuna kumudzi azidzati mkazi uja sanachedwe, mwamuna asanaume n'komwe m'manda iye anadya zonse?"

"Ndiye muwafunse, amayi. Muwaimbire."

"Ndiwafunse za nsomba? Mwana iwe!"

Lamlungu titabwera kutchalitchi anti anatiperekeza mpaka kunyumba. Atangotsika galimoto pafupi ndi galaja anakwinya mphuno.

"Amake mwana, nichani ichi chinunkha? Mwasunga mbuzi yakufa?"

"Ndi bini," amayi anayankha mwachangu.

"Bini ili uko, ine nili kuno. Ni firiji iyi." Anti anaponda m'madzi aja ndi nsapato yawo ya kutchalitchi n'kudumpha. "Iye! Manje muzasunga izi nsomba mpaka liti? Mufuna zikambe zeka kuti tidyeni? Olo mufuna zikapezeke ku chiliza zitavala suti?"

Ine ndinaseka mosafuna. Amayi sanaseke. Anati nkhani za banja la eni zimavuta kuzimvetsa munthu wapadera. Anti anangoti, "Awe, nasiya ine," n'kulowa m'nyumba kukamwa madzi. Potuluka anandinong'oneza kuti, "Iwe mwana, uli na foni. Sininakambe kanthu."

Ndinalingalira usiku ndi usana wotsatira. Mwana sadumpha mayi ake n'kukalankhula ndi akuchimuna pa nkhani ya maliro. Ndinkadziwa zimenezo ngakhale ndinakulira kuno. Komanso ndinkadziwa zimene zinali m'kapu yoyezera. Lolemba nditaweruka, ndili pa siteshoni, ndinaimba foni kumudzi. Kwathu unali udakali m'mawa. Abambo aakulu anayankha ali panjinga, ndinamva belu ndi phokoso la msika.

Ndinawapatsa moni wonse monga amayi anandiphunzitsira, kufunsa za kunyumba, za mvula, za miyendo yawo. Kenako ndinanena.

"Nsomba?" anafunsa. "Ukuti nsomba, mayi? Za m'madzi?"

"Inde, abambo."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Kodi ife tinanena za ndiwo? Ife tinkanena malaya, wotchi, nsapato. Nsomba tingaigawe bwanji, munthu mutu wina mchira, pa ndege?" Kenako kuseka kunatha. Atayambanso kulankhula mawu awo anali atatsika. "Ndiye kuti alamu akhala akusunga miyezi yonseyi? Mayo. Ndiwaimbira ndekha. Iwe usaope."

Anawaimbiradi. Amayi anafika kunyumba nkhope ili gwa. Anaika chikwama pampando osandiyang'ana.

"Wandivula pamaso pa alamu anga," anatero. "Tsopano mudzi wonse udziwa kuti ndine wamisala wolondera nsomba."

Ndinagwada n'kupepesa. Masiku anayi otsatira sanandilankhule, kupatula kundiuza kuti chakudya chili pa chitofu. Firiji sanaitsegule pamaso panga, ndipo ine sindinayerekezenso kuikhudza. Masiku anayi amenewo ndi amene kunatentha kwambiri chilimwe chonsecho. Ndinkangosintha thaulo. Lachinayi masana ndinalowa m'galaja n'kupeza muli zii. Firiji inali itasiya kulira. M'buku langa ndinalemba mzere umodzi wokha: "Mwina kabati yapansi idakali yozizira." Ndinkakhulupiriradi zimenezo.

Loweruka m'mawa amayi anagogoda pachitseko changa. Anali atavala chitenje ndi mpango wakumutu, m'manja muli ndowa ndi beseni.

"Dzuka," anatero. "Tiye."

Anazula chingwe cha magetsi okha. Anatsegula chitseko, n'kugwada, n'kukoka kabati yapansi. Fungo linati guu, moti ndinathamangira panja kukasanza. Nditabwerera anali adakali chogwada. Kabatiyo inali yodzaza madzi ofiira, ndipo nsomba yanga inali ikuyandama mmenemo, jumbo litafufuma. Amayi anaikhudza ndi chala kunja kwa jumbo, chala n'kulowa ngati m'phala. Makabati awiri a pamwamba pake analinso chimodzimodzi.

Sanalire mokweza. Anangoti, "Madzi akatayika saoleka," n'kuyamba kutola majumbo limodzilimodzi, kuwerenga mwezi wolembedwapo, n'kuika m'ndowa.

Ndili chiimire pambuyo pawo ndinaulula. Ndinati nanenso ndakhala ndikutsegula masana alionse, ndipo mwina ayezi amene analepheretsa chitseko kutsekeka ndinamuwonjezera ndine.

"Ndinkadziwa," anatero osatembenuka. "Kamtengo kako ndinkakaona m'mawa uliwonse. Ndinkati ndikakufunsa, nawe undifunsa."

Galimoto ya zinyalala imabwera Lachitatu, ndipo m'kutentha kumeneko sitikanatha kusunga zimenezo m'bini masiku anayi. Tinaganiza zokwirira kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mandimu. Dothi la kuno ndi mchenga wokhawokha. Ndikakumba ndi fosholo, mchenga unkagumukira m'dzenje momwemo, ndipo ndinkayambanso. Ntchentche zinatipeza dzenje lisanafike m'mawondo. Tinakhuthula nsomba zing'onozing'ono poyamba. Yaikulu ija amayi anandipatsa kuti ndiitsitse ndekha. Inatuluka m'jumbo zidutswazidutswa.

Ndikukwirira ndinazindikira kuti kumeneku kunali kuika maliro kumene ndinakuona mpaka kumapeto. Sindinawauze amayi. Ndinangopitiriza kuponya mchenga, misozi ndi thukuta zikulowa m'kamwa. Pamwamba tinaikapo njerwa kuti galu wa aneba asafukule.

Tinabwerera m'galaja dzuwa lili paliwombo. Ayezi wa kumtunda uja anali adakalipo, akudontha. Tinaika beseni pansi n'kukhala pa mipando ya pulasitiki kumuyang'ana. Aphunzitsi anatiuzapo kuti gilesha akamabwerera m'mbuyo amalavula zimene anameza kalekale, miyala, mitengo, ngakhale katundu wa anthu amene anasochera m'phiri. Wathuyu analavula chivindikiro cha cholembera chakuda. Analavula golovesi imodzi ya kuntchito kwa abambo, imene ankavala posanja nsomba, ndipo tinkaisakasaka iwo ali moyo. Kenako chibuma chachikulu chinabenthuka n'kugwera m'beseni, ndipo mkati mwake munali majumbo atatu a tinsomba ting'onoting'ono, tolimba gwa ngati miyala. Limodzi linali lija la pansi pa zala za amayi.

Amayi ananunkhiza jumbo lililonse kawiri. Anati, "Izi zili bwino."

Tinakazinga masana omwewo ndi tomato ndi anyezi. Amayi anaimbira anti kuti abwere. Anti atalawa anati, "Zamveka firiji maningi, koma nizadya, ni za alamu." Zinalidi zouma m'mbali ndipo kukoma kunali kutachepa. Tinadya zonse, ndi mitu yomwe.

Ntchito ya kusukulu ija ndinapereka sabata yotsatira. Ndinajambula firiji pambali pa phiri, mizere iwiri, wina wa kamtengo wina wa kapu. Za nsomba sindinalembemo. Aphunzitsi analemba m'munsi kuti ndaonetsa bwino kuti ayezi angakule pamwamba chinthu chonse chikutha, ndipo anafunsa ngati firijiyo inakonzedwa. Ndinawayankha kuti ayi.

Masiku ano ndikaona pa nkhani chithunzi cha phiri loyera, maso anga amathamangira kumunsi kukafuna madzi. Aphunzitsi amati ayezi wina wa m'mapiri sadzabwereranso m'nthawi ya moyo wathu ngakhale anthu atasintha lero, koma amatinso wina akadali wotheka kumusunga, ndipo kuchuluka kwake kukudalira kuti tichedwa bwanji. Ine za kuchedwa ndikuzidziwa. Ndimawerenga masiku aja m'buku langa, asanu ndi atatu oyeza ndi anayi osalankhulana, n'kumadzifunsa kuti ndi tsiku liti limene nsomba ija inali idakali yodyeka. Sindidzadziwa.

Firiji idakali m'galaja, yozimitsa, chitseko chili chotsegula ndi njerwa kuti isachite nkhungu. Amayi akuti iyoyo ndiye katundu weniweni, idikire chiliza. Jumbo lolembedwa kuti "Ya mwana wanga. Osakhudza" analichapa katatu ndi sopo, kuliyanika pachingwe, n'kundipatsa. Lili pakati pa masamba a buku langa, ndipo kukatentha limamvekabe pang'ono.

Mayeso ayandikira. Sabata yatha ndinawapeza amayi m'galaja ataima pansi pa ndodo zowedzera, foni ili m'manja. Anati alankhula okha ndi abambo aakulu, ndipo avomera kuti ndodo imodzi titsitse pakhoma. Anati ndikamaliza pepala lomaliza tidzapita kunyanja m'mawa, kumene abambo ankapita.

"Koma amayi, inu kuwedza mumakudziwa?"

"Ayi. Iwe?"

"Ayi."

"Ndiye tikaphunzira komweko. Tikakagwira ngakhale kamodzi kokha, tidzaphika tsiku lomwelo, osasunga." Anaiyang'ana ndodoyo, kenako anayang'ana ine. "Koma ukalephera mayeso, ndidzadya ndekha."